Chaka Chomwe Mpheta Zinandichotsa Sukulu

Anthu akamva kuti ndinasiyira sukulu mu Sitandade 8, amayamba ayang'ana pamimba panga. Palibe chilichonse pamenepo. Ine zinandichotsa sukulu ndi mbalame.

Kwathu n'kufupi ndi Golomoti, ndipo bambo ali ndi ndime ya mpunga ku sikimu ya Bwanje. Mpunga ukatulutsa ngala, mpheta zimabwera ngati zaitanidwa ku ukwati. Pamafunika munthu wokhala pa nsanja tsiku lonse, kumakoka chingwe chomangirira zitini, uku akukuwa. Nyengo imeneyi ndi yomwenso mayeso amakhala atayandikira. Chaka chimenecho a m'nyumba mwathu m'kalasimo tinalimo awiri, ine ndi achimwene anga, amene ankabwereza mosatekeseka ngati pampandopo anabadwirapo.

Bambo anasankha ine. Anati achimwene mawu awo anasintha, akakuwa amamveka ngati ng'ombe yodwala, ndipo mpheta siziopa ng'ombe. Mawu a mwana wamkazi akuti ndiye amalasa.

Aphunzitsi athu anali munthu woonda, wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Nkhani yoti mtsikana ndi mnyamata asamasiyanitsidwe ankaikonda kuposa masamu. Anyamata ankawakolopetsa m'kalasi ife tikutchetcha udzu panja, ndipo belu anapatsa mtsikana kuti aziliza. Ataona kuti ndajomba sabata yathunthu, anapalasa njinga mpaka kumunda.

Anawalankhula bambo mpaka thovu kukamwa. Anati ine ndine ndinkakhoza bwino pa ana awiriwo, ndiponso mbalame sizifunsa ngati wokuwayo wavala siketi. Bambo anamvetsera chipewa chili m'manja, kenako anawapempha kuti ayese okha. Aphunzitsi anapinda buluku, kulowa m'matope, n'kukuwa ndi mawu aja ankatitontholetsa nawo pa asembule. Mpheta zonse zinauluka, mpaka za ndime ya eni ake. Anatembenuka akumwetulira ngati awina chikho.

"Mwaonatu, bambo? Mawu achimuna nawonso zimawaopa."

"Ndaonadi, aphunzitsi," anatero bambo. "Ndiye muzifika nthawi yanji?"

Mapeto ake anagwirizana kuti tizisinthana, lero ine, mawa achimwene. Ndinabwerera m'kalasi ndikumva theka la chilichonse. Mpaka pano ndimadziwa poyambira nkhani zambiri za m'mabuku, mathero ake anamva ndi achimwene.

Koma achimwene pa masiku awo sankakuwa n'komwe. Anatchera ulimbo m'mbali mwa ndime, n'kukhala phee pa nsanja kuti mpheta zibwere zambiri. Masana ankaziotcha, kudya ndi mchere wa m'thumba. Ananenepa. Bambo atapita kukayendera, anapeza ngodya yonse yatsala mankhusu okhaokha. Anakalipa mpaka anthu a ndime zina anaimirira. Chilango cha achimwene chinali chakuti asadzapondenso kumunda, azipita kusukulu tsiku lililonse. Ine, poti ndinagwira bwino ntchito, anandipatsa nsanjayo yonse.

Aphunzitsi sanagonje, ndisawanamizire. Ankabwera akaweruka, kukhala pansi pa nsanja, nsapato zili m'manja, n'kumandifunsa mafunso. Ndinkayankha theka la funso, kukuwa, kukoka zitini, n'kufunsa kuti tinali pati. Tsiku lina anandigwirira chingwe kuti ndilembe masamu, koma anakoka mwamphamvu zedi moti zitini zonse zinagwera m'madzi. Tinathera phunzirolo tikuvuula zitini.

Mayeso ndinalemba mawu atasasa, mutu ukulirabe zitini. Ndinalephera. Achimwene nawonso analephera, koma iwo analibe chowiringula. Bambo anati mwana wamwamuna akhoza kubwerezanso, poti kumunda n'ngoononga.

Sukulu itatsegulira, aphunzitsi anabweranso kunyumba kudzandiuza kuti ndikabwereze, malo andisungira kutsogolo. Sindinakalipe. Mwa anthu onse ndi iwo okha amene anadetsa buluku chifukwa cha ine. Koma ndinawafunsa ngati chaka chinacho mpunga sudzatulutsa ngala. Anangokonza tayi.

"Mukasuntha mayeso, kapena mukasuntha mpheta, mudzandiitane," ndinatero.

Anati nkhani imeneyo akaikamba ku msonkhano wa aphunzitsi, ndipo ndikukhulupirira kuti anakaikambadi. Sanandiitanebe.