Mbali ya Kukhoma

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene amanena asanadine kamera. Ajambulapo maukwati, ana olira, ngakhale mbuzi zamalonda, koma chimene chinawaonetsa zakuda ndi sitima yoti siyenda n'komwe.

Apongozi anga, bambo awo, ankagwira ntchito yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima yapamtunda. Pano miyendo inakana, maso nawonso ayamba kuchita nkhungu. Atamva kuti mutu wa sitima yawo ija unaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, anapempha chinthu chimodzi: "Mwanawe, ukandijambulire yonse, ndiione maso asanatheretu."

Ine ndinapita ndi amuna angawo kuti ndizinyamula chikwama. Abale inu! Chisitima chakuda bii, atachipanikiza m'chipinda ngati ng'ombe m'khola la mbuzi. Amuna anga akati abwerere m'mbuyo kuti chikwane chonse, msana unkagunda khoma. Akasunthira uku, chipilala. Kuwala kwa pawindo kunkalasa kamera, chithunzi n'kutuluka mdima wokhawokha. Atangoyatsa fulashi, mlonda anabwera chothamanga.

"Zimenezo n'zoletsedwa, bambo. Chingwechonso musadumphe."

"Nanga achimwene, munachiikiranji muno ngati simufuna kuti chioneke?" ndinatero ine, mtima uli m'mwamba. Iye anangoloza chikwangwani.

Amuna anga, munthu wamkulu, anafika pogona chafufumimba pasimenti, thalauza labwinobwino n'kuda. Mapeto ake anajambula zidutswazidutswa: magudumu paokha, chumuni payokha, kanyumba ka oyendetsa pakokha. Kunyumba anazidula ndi sizasi n'kuzimata pakatoni. Sitima inatuluka yopindika msana, komabe inali yonse.

Apongozi anaiyandikitsa kumaso, chala chikuyenda pang'onopang'ono mpaka pakanyumba paja.

"Iyi ndi mbali ya dalaivala," anatero. "Ine ndinkaima mbali inayo, mwanawe. Kuli chitsulo chogwira pokwera chimene ndinachipinda ndi fosholo. Ndimafuna ndione ngati chikadalipo."

Amuna anga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Mbali inayo tonse tinaiona: anaigunditsa kukhoma, kampata kake munthu sangalowepo. Zinandiwawa, sindinama.

M'mawa mwake ndinapeza amuna anga pakhonde akumangirira kamera kunsonga ya ndodo ya mopu.

"Mlonda uja akakuthamangitsanitu," ndinawachenjeza.

"N'chifukwa chake tipitira limodzi, mayi," anatero akukoka mfundo ndi mano. "Inu mukangoyambana naye ngati tsiku lija, koma ulendo uno musakafulumire kumaliza."