Mayi Phwanya ndi Moto wa M'botolo

Sabata yathayi taika m'manda Mayi Phwanya. Ambiri a inu mukuwadziwa ngati mayi woonda uja wosesa m'tchalitchi, wotsokomola nthawi ya ulaliki. Ena mukuwadziwa chifukwa anakuphwanyirani mabotolo, ndipo mkwiyo mukadali nawo mpaka lero. Usungeni mkwiyo wanuwo, koma werengani kaye.

Anabadwira m'nyumba ya opanga sopo. Mayi awo ankasungunula soda woopsa uja wopangira sopo n'kumuthira m'mabotolo a zakumwa, poti ndiwo mabotolo amene ankapezeka. Soda wosungunula sasiyana ndi madzi. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, kamtsikanako kanabwera ndi ludzu kuchokera kosewera, kanatola botolo pansi pa tebulo n'kupapira. Kanakuwa kamodzi kokha, milomo n'kuyera mbee! Mayi ake anachita zimene mayi aliyense wachikondi akanachita: anakapana pakati pa miyendo, n'kukapisa zala kukhosi kuti kasanze. Kanasanzadi, mpaka magazi.

Kuchipatala dokotala anafotokoza, ndipo mwanayo, ngakhale anali wamng'ono, mawuwo anamukhala mumtima. M'khosi mwa munthu muli njira ziwiri: yakutsogolo ndi ya mpweya, yakumbuyo ndi ya chakudya, ndiwo mmero. Mmerowo si paipi wongogwetseramo zinthu ayi. Ndi mnofu wamoyo, umafinya chakudya n'kumachitsitsa monga dzanja la wokama ng'ombe, mpaka chikafike m'mimba. Mkati mwake ndi mofewa ngati mkamwa.

"Soda wawotcha potsika," anatero dokotalayo. "Mwamusanzitsa, wawotchanso pokwera. Mwanayu wapsa kawiri, mayi."

Mayi aja anangokhala pansi pasimenti, ndipo sanapangenso sopo mpaka kufa kwawo.

Zilonda zitapola zinasiya zipsera, zipserazo n'kumanga mmero mpaka panatsala kanjira kakang'ono kodutsa madzi okha. Kuti mwanayo asafe ndi njala ankapita naye kukatanula mmerowo, ndipo masiku amenewo sankamugonetsa ndi mankhwala. Amuna awiri ankamugwira manja ndi miyendo, wachitatu n'kumukanula kamwa ndi kathabwa, dokotala n'kulowetsa ndodo zamphira, yaing'ono kaye kenako yokulirapo. Ankaluma, ankakanda, ankadzikodzera. Korona anamuphunzirira pa tebulo limenelo, chifukwa mayi ake ankaima panja pa chitseko akupemphera mokuwa kuti asamve kulira kwa mwana wawo.

Kuyambira pamenepo Mayi Phwanya nyama ndi buledi anangozidziwa ndi fungo. Chakudya chawo chinali mkaka, msuzi wosefa, nthochi yosungunula ndi madzi. Ankagona chokhala, chifukwa akagona chagada zam'mimba zinkabwerera kukhosi, chilungulira n'kuwawotcha pachifuwa. Anakwatiwa ndi dalaivala wina amene ankati mkazi wake akumuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Tsiku lina anawagwira tsitsi patebulo n'kuwakankhira nthuli ya nyama mkamwa, ati aone ngati si matama chabe. Nthuliyo inakakamira, maso anatuzuka, dzino linathyoka pochotsa. Bamboyo anachoka ndi sutikesi yake, ndipo ine ndikunena pano mosabisa: anachita bwino kuchoka. Iwo sanamutukwanepo, koma dzina lake linkamveka m'mapemphero awo, zimene zinkatikwiyitsa ife anzawo.

Pa Misa ansembe ankawabenthulira kachidutswa kakang'ono ka Ukaristia, iwo n'kukadikira kuti kasungunuke pa lilime. Wina akawamvera chisoni ankaseka. "Ambuye amadziwa kudzichepetsa," ankatero. "Pamene sipadutsa mpunga, Iwo amadutsa."

Koma musaganize kuti anali nkhosa. Atamva kuti mwana wa woyandikana nawo wamwa soda n'kumwalira atamusanzitsa, anagula nyundo n'kuiika m'chikwama limodzi ndi korona. Ankayenda m'makomo mwa opanga sopo atanyamula zigubu zofiira zokhala ndi zotsekera. Akapeza soda m'botolo la chakumwa, ankamukhuthulira m'chigubu, botololo n'kuliphwanya pakhomo pomwepo, mwini wake akuona. Dzina lawo linachokera pamenepo. Amayi anzawo anawang'ambirapo zovala, anawatema ndi mthiko wotakasira sopo pamphumi, wina anawakhwizira galu. Manja awo anali zipsera zokhazokha. Ansembe anawaitana.

"Mayi, Mkhristu saphwanya katundu wa eni."

"Ndamva, Bambo. Loweruka ndidzalapa."

Loweruka ankalapadi, Lolemba n'kuphwanya ena. Ndipo kulikonse ankasiya mawu amodzimodzi: mwana akamwa soda musamusanzitse, musamumwetse mandimu, thamangirani kuchipatala.

Ana sanabereke, koma mng'ono wawo atamwalira analera mwana wake wamkazi ngati wawo. Mwanayo anakula, anakwatiwa ndi wowotcherera zitsulo, munthu waulemu amene polankhula ndi apongozi ake ankavula chipewa, ndipo anabereka kamtsikana. Ntchito ya zitsulo itavuta, mayi wachitsikanayo anayamba kupanga sopo mobisa. Poopa mayi ake, chigubu chofiira sanachifune n'komwe. Soda ankamubisa m'botolo pansi pa bedi, pamene munthu wamkulu sayang'ana koma mwana amakwawirapo. Mayi Phwanya anafufuza nyumba za anthu onse, ya mwana wawo yokha ayi.

Tsiku lina masana anali atakhala pakhonde pa nyumbayo akusoka nsalu ya paguwa, pamene kuchipinda kunamveka kukuwa kumene iwo ankakudziwa. Analowa, n'kupeza mkamwini wawo wayamba kale kufika. Botolo linali pansi, mwana atamupana pakati pa miyendo, zala ziwiri zikulunjika kukamwa.

Nkhalamba yoonda ija inalumpha. Anamukwatula mwanayo, anagwada naye pakona n'kumuphimba ndi thupi lawo lonse.

"Musiyeni asanze, mayi! Afa!"

"Ayi, bambo! Akasanza apsa kawiri! Itanani galimoto!"

Anthu anali atadzaza pakhomo, aliyense ndi nzeru zake. "Asanze ameneyo!" "Thamangirani mandimu!" "Nkhalambayi ikupha mwana!" Mkamwini anawakoka nsalu, nsalu inang'ambika. Anawakoka mkono, phewa linagweluka. Sanamusiye mwanayo. Pamenepo mutu wa bamboyo unazungulira, anatola chitsulo chimene ankachirikizira chitseko n'kuwamenya nacho apongozi ake pamsana. Kamodzi, kawiri, nthiti zinamveka thyo! Mkazi wake ankalira akumukoka malaya. Bamboyo anapisa dzanja pansi pa chifuwa cha nkhalambayo kufunafuna kamwa la mwana, ndipo Mayi Phwanya, amene mano awo anali asanalumepo nyama chiyambire ubwana, analuma dzanjalo mpaka pafupa. Sanalitaye mpaka galimoto inaima pakhomo. Anakwera popanda wowagwiriziza, magazi akutuluka mkamwa, akupukuta milomo ya mdzukulu ndi kansalu konyowa.

Anawagoneka m'chipatala chimodzi, mwana uku, agogo uko. Apolisi atabwera, Mayi Phwanya anakana kumusumira mkamwini. "Ankapulumutsa mwana wake," anatero. "Nanenso ndinkapulumutsa yemweyo. Mumanga uti?"

Za mwanayo dokotala sanalonjeze kanthu. Anati mmero wapsa, koma ngati udzamangike kapena ayi zidzadziwika zilonda zikapola, ndipo zimenezo zimatenga masabata. Agogo nawo nthiti zothyokazo zinawabweretsera chibayo. Ansembe anawadzoza mafuta, tinawaimbira, tinawatsanzika, koma iwo osapita. Mpweya unkachita kukoka ngati chingwe, thupi litatha, koma aliyense wolowa ankamufunsa funso limodzi: "Wameza?"

Tsiku lina m'mawa mwanayo analowa m'chipindamo akuyenda yekha, atagwira nkhoko ya buledi. Bambo ake anagwada pakhomo, chipewa m'manja, osatha kulowa.

"Lowani, bambo," anatero Mayi Phwanya. "Dzanja lija lapola?"

Bamboyo analira ngati mwana, ndipo tonse amene tinali mommo tinalira naye. Iwo analibe nthawi ya misozi. Anaitana mdzukulu, anaika zala zawo zazipsera pakhosi pake.

"Luma, mwanawe. Tafuna. Meza ndimve."

Mwanayo anameza. Khosi linakwera n'kutsika pansi pa zalazo. Anadikira, maso ali pakamwa pa mwanayo, kuti aone ngati chakudyacho chibwerere. Sichinabwerere.

"Mezanso."

"Agogo, bulediyu ndi wouma!"

Anaseka, nthiti zikuwabaya, misozi ikutsikira m'masaya. Anapempha kuti awachotsere mapilo, ati akufuna agoneko chagada ngati anthu ena. Anagonadi, korona m'manja, ndipo anapita mwakachetechete dzuwa lisanafike paliwombo, mdzukulu akutafunabe pambali pa bedi.

Mulungu awalandire, awapumitse ku zowawa zawo zonse. Mkamwini uja anabwerera ku zitsulo zake. Mano a apongozi akadali padzanja lake, ndipo salibisa. Wobweretsa geti kapena wilibala akangofunsa kuti anakuluma ndi galu wa yani, iye amazimitsa makina, amavula chipewa, n'kumufunsa kaye ngati kunyumba kwake kuli ana.