Voti ya a Chilongo pa chimbale chodzadza

"...ndiye musandiyang'ane ngati malowo ndawabisa m'thumba," anatero Justin akukupiza chimbale cha kompyuta m'mwamba. "Chadzadza ichi. Pulogalamu yolembera makalata yalowa, yowerengetsera yalowa, yoonera zithunzi yalowa. Atsala ndi malo a imodzi basi: yophunzitsa kutayipa kapena yojambulira nyimbo. Sankhani."

Mawu oti sankhani ndi omwe a Yakobo Chilongo ankawaopa kuposa onse. Iwo ndiwo anali wapampando wa komiti ya chipinda cha makompyuta pa tchalitchi cha ku Wenya, ndipo pampandopo, monga pa china chilichonse m'moyo wawo, anachita kukhazikidwapo.

Munthuyu chibadwire sanasankhepo kanthu. Dzina anawapatsa ndi abusa. Sukulu anawasiyitsa ndi amalume. Mkazi anawalozera ndi azakhali, ndipo mwamwayi NyaMunthali anapezeka kuti ndi mkazi wabwino, zomwe zinawatsimikizira a Chilongo kuti kusankha n'kudzivutitsa chabe. Pa riferendamu ya 1993, dziko lonse likuwira ndi nkhani ya matipate, iwo anafola pamzere atatchena jekete, n'kunong'oneza mkazi wawo kuti, "Kodi kunyumba kwathu tikuti nyali kapena tambala?" Anauzidwa kuti nyali, chizindikiro cha ofuna matipate. Mpaka lero amauza achinyamata kuti ufulu mukuseweretsawu ife tinauvutikira.

Makompyuta anafika mu 2009, okalamba, otopa, atapuma kale pantchito mu ofesi ina ya kutsidya kwa nyanja. Mphatso za kumeneko zimatero: zimabwera kuno kudzadikira imfa pamalo a mpweya wabwino. A Amosi Mtambo, mkulu wa mpingo, anawapatsa a Chilongo makiyi a chipindacho, n'kuwonjezerapo kanyumba ka malata kuseri kwa tchalitchi kuti azilondera ali pafupi. Banja linasamukiramo likuimba.

Justin Nyondo, yemwe anali atangobwerako kumaphunziro ku Joni ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno, ndiye anabweretsa Linux, dongosolo laulere loyendetsera kompyuta lomwe aliyense amaloledwa kulisintha. Anafotokoza kuti amene amalikonza amakangana miyezi pa intaneti asanagwirizane za mapulogalamu oti munthu awapeze ali kale m'kati akangoyatsa koyamba, ndipo ogonja ena amakwiya n'kupita kukayambitsa dongosolo lawolawo. A Mtambo anati palibe chachilendo pamenepo, mipingo yambiri ya kuno inayamba choncho. Komabe Justin anaumirira kuti ku Wenya nakonso anthu avote. Ku Wenya komwe anthu sanafunsidwepo maganizo ngakhale pa za msewu wawo.

"Yojambulira nyimbo," anatero a Mtambo. "Kwaya yathu ikamapita ku Nthalire imabwerako ndi manyazi, anzathu ali ndi chimbale chawo. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu."

"Ndiye kuti mwavomera kuti taipa, adada?" anafunsa Lizzie, mphunzitsi wa kusekondale. "Ana akumaliza folomu folo osadziwa pomwe pali chilembo A. Ntchito za ku boma masiku ano akuyesa zala, sakuyesa pakhosi."

"Musamenyane," Justin analowererapo. "Yomwe itsale, aliyense akhoza kudzaikoka yekha pa intaneti. Ndi ufulu wake."

Lizzie anamudula: "Intaneti yake iti, iwe? Ya pachulu cha kumanda ija, yoti uimirire ndi mwendo umodzi foni uli nayo kumwamba ngati ukupereka nsembe? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chomwe uike lerochi ndi chomwe zidzukulu zathu zidzapeze."

A Chilongo ankayang'ana pansi, chifukwa nkhani ya zalayi inali ya m'nyumba mwawo. Mwana wawo Tawonga anali atalephera kale kamodzi mayeso a ukalaliki ku boma. Zolemba pamanja anakhoza, koma atamukhazika pa kiyibodi anajompha ndi zala ziwiri ngati nkhuku pa mphale, nthawi n'kutha. Mayeso ena anali kubwera mvula ikatha. Komiti yonse inkadziwa zimenezi. Inkadziwanso mwini wa malata omwe Tawongayo ankagona pansi pake.

Anavota. Lizzie ndi mlangizi wa zaulimi anakwezera dzanja kutayipa. A Mtambo ndi wotsogolera kwaya anakwezera nyimbo. Justin anati iye ndi katswiri, akatswiri savota, amangodandaula pambuyo pake. Maso onse anatembenukira kwa wapampando.

A Chilongo anapempha kuti ayambe apemphera. Anapemphera. Atatsegula maso, mapulogalamu anali akadali awiri. Anafunsa ngati sizingatheke kuika theka la iyi ndi theka la inayo, Justin n'kugwira mutu. Anaganiza zothamangira kuseri kukafunsa NyaMunthali, koma mayiyo anali atatseka kale khomo limenelo m'mawa: "Lero musandifunse, bambo a Tawonga. Mwana ndi wanu, nyumba ndi yanu."

A Mtambo sanaopseze munthu. Ndi Mkhristu. Anangomwetulira n'kufunsa mwachikondi kuti, "A Chilongo, kodi kanyumba kaja kanasiya kudontha?"

"Kanasiya, adada. Yewo chomene."

"Tithokoze Mulungu."

Dzanja la a Chilongo linakwera lokha, ngati la munthu wina. Nyimbo zinapambana. Justin analengeza kuti umu ndi momwe demokalase imayendera kumaiko otukuka, ndipo mwina sananame.

Pasanathe mwezi chipindacho chinasanduka msonkhano wa makwaya. Ankabwera wapansi kuchokera kumidzi yakutali, amayi atanyamula yunifolomu pamutu, kudzajambula nyimbo zomwe kumbuyo kwake kunkamveka atambala a pa tchalitchi akuthandizira. Kompyuta iliyonse inali ndi kwaya yake yoidikira. Tawonga akasuzumira pakhomo ankauzidwa kuti asatsokomole, tikujambula. Pulogalamu ya kutayipa ija palibe anakaikoka pachulu. Ufulu unalipo ndithu, unkangosowa netiweki.

Kunyumba palibe anawakalipira a Chilongo. Bola akanawakalipira. Tawonga ankawapatsa madzi osamba atagwada bwinobwino, NyaMunthali ankayankha yewo pa chilichonse, ndipo ulemu wonsewo unkawalasa ngati minga.

Tsiku lina a Mtambo anawatuma ku boma kukagula zimbale zopanda kanthu za makwaya aja. Mumsika, pa benchi ya mnyamata wogulitsa katundu wa ku Tunduma, pakati pa mawaya ndi matochi, anaona makiyibodi awiri akale, yakuda ndi yoyera. Anakumbukira zala ziwiri za Tawonga zija.

Mnyamatayo anawalandira: "Karibu, mzee. Koma ndikuuziretu, onsewa ndi akufa. Ndimangochotsako mabatani."

"Zilembo zili m'malo mwake?"

"Zilipo zonse. Kungoti mukadina palibe chituluke."

"Zala zimva?"

Mnyamatayo anawayang'ana ngati awa adwala dzuwa. "Zala zokha zimva. Mutenga iti?"

Funso lija linabweranso. A Chilongo anacheuka kumanzere, anacheuka kumanja. Panalibe azakhali, panalibe NyaMunthali, panalibe mkulu wa mpingo. Anaima pamenepo mpaka wogulitsa anatopa.

"Tengani yoyerayi, mzee. Aliyense amakonda yoyera."

Dzanja linali litayamba kale ulendo wopita ku yoyerayo. Analibweza. Anadina mabatani a yakuda, anadina a yoyera, n'kubwereranso ku yakuda: inali yolimba, yofuna chala chotsimikiza.

"Yakudayi," anatero ngati akulumbira kukhoti.

Anaikulunga m'jekete kuopa fumbi. Pa lole yobwerera ku Wenya anaifungatira pachifuwa njira yonse, chingwe chake chikulendewera m'mbali, chopanda polumikiza.