Madiresi Amene Ndinapereka Osadziwa

Chaka changa chachitatu ku Chintheche, kumene boma linanditumiza kudzaphunzitsa kuchokera kwathu ku Ntcheu, mwana wanga wamkazi anatalika mwadzidzidzi. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Madiresi ake onse anayamba kumuthina m'khwapa. Ndinawachapa, kuwapinda, n'kuwalonga pamodzi ndi zovala zake zina m'thumba lalikulu kuseri kwa chitseko.

Thumbalo linakhala pamenepo miyezi iwiri, chifukwa mtima wanga unali pawiri. Mayi wina wogulitsa kaunjika pamsika anali atandiuza kuti ndikabwera nazo adzagula zonse. Komanso tsiku lililonse ndinkaona ana ena m'kalasi mwanga atavala zong'ambika pamsana. Lolemba ndinkati ndigulitsa, Lachinayi ndinkati ndipereka. Mwamuna wanga ankangoti, "Zili kwa inu, mayi a mwana."

Loweruka lina m'mawa ndinapita kunyanja kukachapa. Pamchenga pankasewera kamtsikana katavala diresi lachikasu la mabatani ofiira. Ndinalizindikira pomwepo, chifukwa batani lachitatu ndinasoka ndekha ndi ulusi wakuda. Ndani analowa m'nyumba mwanga?

Ndisanatsegule pakamwa, mayi ake a mwanayo, amene ankayanika usipa chapafupi, anabwera akupukuta manja pachitenje, nagwada pang'ono.

"Yewu ukongwa, Madamu," anandithokoza m'Chitonga. "Mwatikumbukira ife. Mwanayu safuna n'kulivula komwe."

"Palibe kanthu, amama," ndinatero. Mpaka lero sindidziwa kumene mawuwo anachokera.

Nditafika kunyumba ndinakhuthula thumba lija pamphasa. Theka la zovala linali litapita, ndipo zimene zinapita zinali zabwino zokhazokha. Ndinaitana mwana wanga.

"Iwe, madiresi ako ali kuti?"

"Ndinapatsa anzanga."

"Anakuuza ndani?"

"Inuyo amayi. Munauza adadi kuti zovalazi zikungodya malo, kuli bwino zipite kwa ena."

"Koma ndinanenanso kuti ndigulitsa!"

"Eya. Koma tsiku lomwe ndinamva ine munati mupereka."

Anaulula kuti ankatenga limodzilimodzi, kuliika m'chikwama cha mabuku, n'kukapereka pa nthawi yopuma. Aliyense ankamuuza kuti, "Atumiza amayi."

Ndinatola kamtengo, kenaka ndinakasiya. Ndimukwapule chifukwa chotenga osapempha? Nanga madiresiwo sanali ake? Wanama m'dzina langa, inde, koma bodzalo linali theka la maganizo anga enieni. Ndinangomuuza kuti akatunge madzi, iye n'kupita akundicheukira, osadziwa ngati mlandu watha kapena ukubwera. Inenso sindinkadziwa.

Sabata yotsatira anthu anayamba kufika pakhomo. Wina anabweretsa ufa wa kondowole m'kabeseni, wina mbale ya usipa, wina mkoko wa nthochi. Aliyense ankayamikira mtima wanga wabwino, ine ndikulandira ndi manja awiri, nkhope ikutentha. Mwamuna wanga ankadya usipawo akuseka. "Ndiye mwagulitsatu apa," ankatero. "Kungoti wamalonda wanu ndi wamng'ono."

Kenaka anabwera mayi woyandikana nafe nyumba, wa ana aakazi atatu. Anakhala pakhonde nthawi yaitali tikukamba za kutentha. Potsanzika ndiye anati, "Madamu, kodi ife tinakulakwirani chiyani? Zovala zadutsa pakhomo pathu kupita kwa anthu akutali."

Kunena zoona kukanakhala kuvomera kuti enawo sindinawapatse ndi mtima umodzi, ndipo nkhani ikanafika kunyanja dzuwa lisanalowe. Ndinalowa m'nyumba, n'kusankha masiketi awiri ndi juzi. Analandira, koma anawatembenuzatembenuza, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti wazindikira kuti ndi zotsalira.

Zotsala zenizenizo ndinapita nazo kumsika. Mayi wa kaunjika uja anapisa dzanja m'thumba, kutulutsa kamalaya kothimbirira, n'kukabwezera.

"Asisi, zabwino zija mumanena zili kuti?"

"Zinapita."

"Ndiye zabwino mwagawa, nsanza mukufuna ndigule ine?"

Ndinasenza thumba langa n'kutuluka mumsika. Pamsewu ndinaima nthawi yaitali, osadziwa kolowera. Minibasi inaima patsogolo panga, kondakitala n'kugwira thumbalo. "Nkhata Bay, amama? Malo alipo!"

Ndinatsala pang'ono kumusiyira. Koma ndinalikoka, iye n'kundiyang'ana modabwa, ndipo ndinabwerera nalo kunyumba wapansi, dzuwa lili paliwombo.