Botolo la Madzi a mu Yordano

Munali m'chaka cha 2018, ine ndili ndi zaka 74. Mpingo wathu wa ku Glasgow unakonza ulendo wa ku Jordan kukaona malo a m'Baibulo. Mwana wanga wamkazi, namwino amene anatiitanitsa kuno, anakonza zoti ndipite ndi amayi ake. Koma pofika mwezi wa ulendo, akazi anga anali atasiya kutsika masitepe a nyumba yathu ya ku Govanhill. Adokotala anakaniza. Malo awo anatenga mkamwini wanga.

Ndinafuna kutsala, akazi angawo anakana. Anandipatsa botolo la pulasitiki lotsuka bwino.

"Mukanditungire madzi a mu Yordano, bambo. Sindikupemphani china."

Ine ndine mkulu wa mpingo kuyambira kwathu ku Ntcheu. Za madzi odalitsa ndimasiyira a Pentekoste, ndipo ndinawauza choncho. Anati sanafunse za chiphunzitso. Ndinalonjeza.

Dzikolo ndi la miyala ndi mchenga, lopanda mthunzi. Ndinayenda monsemo ndi jekete ndi tayi. Achinyamata a m'gulu lathu, ovala makabudula, ankandifunsa ngati ndikupita ku ukwati. Ndinawayankha kuti ine sindinabwere kudzaonetsa Mulungu maondo.

Ku Petra anatilowetsa pa mpata wa matanthwe ofiira mpaka tinafika pa nyumba zosemedwa m'phiri. Wotiperekeza ananena kuti zambiri mwa izo ndi manda. Nditamva zimenezo ndinavula chipewa. Anzanga ankaloza ndi zala, kuseka, kujambulitsa atakwera ngamila pakhomo pa akufa. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti manda salozedwa. Pa phiri la Nebo, pamene Mose anaonera dziko la lonjezo, ine ndinangoona fumbi.

Yordano anandikhumudwitsa kuposa zonse. Mtsinje umene ndauimba pa maliro moyo wanga wonse ndi kamfuleni ka matope, kochepa kuposa Rivirivi wa kwathu m'chilimwe, ndipo asilikali aima tsidya lino ndi tsidya linalo. Pa njira ankagulitsa timabotolo ta madziwo tomata kale. Sindinagule. Ndinatumidwa kukatunga. Ndinagwada pa matabwa, maondo akulira, ndi kudzaza botolo ndi dzanja langa.

Tsiku lobwerera, mkamwini anati ndiliike mu sutikesi yaikulu. M'menemo munali nsapato ndi zovala zakuda zam'kati, ndipo sutikesi amaiponya pansi pa ndege ngati thumba la chimanga. Chinthu chimene wodwala wakutuma suchigoneka pamodzi ndi masokosi. Ndinalikulunga mu mpango, ndi kuliika m'chikwama cha m'manja. Mkamwiniyo anang'ung'udza za lamulo lina m'Chingerezi, maso ali pa foni. Akanakhala kuti analeredwa bwino, akanakhala pansi ndi kundifotokozera ngati apongozi ake. Sanatero.

Pa bwalo la ndege makina analira. Wachitetezo anatulutsa botolo, nati madzi ochuluka chotere salowa m'ndege. Ndinamuuza ndi Chingerezi changa cha ku pulayimale kuti mkazi wanga akudwala, kuti madziwa ndi a mu Yordano. Anapukusa mutu mwaulemu. Masutikesi anali atapita kale. Abusa athu ankayang'ana wotchi. Botolo linaponyedwa m'bini, pamwamba pa zakumwa zotsala za anthu ena, ine ndikuona.

Titatera ku Glasgow mvula ikugwa, mkamwini anandinong'oneza m'basi kuti tidzaze botolo lina pa mpopi, tithiremo kadothi, amayi sadziwa. Ndinamufunsa ngati umu ndi mmene amasungira mwana wanga. Mayi wina wa m'gulu anafuna kundigawira kabotolo kake kogula. Ndinathokoza, koma sindinalandire.

Nditafika kunyumba, ndinalowa m'chipinda ndisanavule jekete. Ndinanena zonse mmene zinachitikira, osachotsa kanthu. Akazi anga anamvetsera maso ali kudenga.

"Koma madziwo munawagwira?"

"Ndinawagwira."

"Ndi dzanja liti?"

Ndinawapatsa lamanja. Analitembenuza, naliika pa mphumi pawo kanthawi, kenako analibweza.

"Lauma," anatero, natembenukira kukhoma.

Sanatchulenso za Yordano. Zithunzi za ngamila zimene adzukulu anabwera nazo pa foni anakana kuziona. Anatisiya chisanu cha chaka chomwecho chisanathe.

A kumpingo amati ulendo uja unali wa madalitso, ndipo amafuna ndidzachitire umboni. Umboni wanga ndi uwu. Ndinataya botolo limodzi la madzi. Ndinataya masabata awiri amene ndikanakhala pa mpando pambali pa bedi la akazi anga. Ndinataya mkamwini, poti mpaka lero timangopatsana moni wa pakhomo. Ndipo ndinataya lonjezo limodzi, lomaliza limene mkazi wanga anandipempha.