Mkamwini wa Magetsi

Ine ndi Aloysius tinakwatira nyumba imodzi kwa Kanduku: iye anatenga Flossie, ine mng'ono wake Rozina. Kusukulu tinkakhala benchi imodzi, koma mnzangayo anasankhidwa, mpaka anakafika ku Mangalande. Atabwerako, zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, analowa ntchito ku Blantyre yoyesa kayendedwe ka magetsi pa kompyuta, mawaya asanalumikizidwe. Magetsi ojambula basi! Kuno sanayatseko ngakhale babu limodzi.

Chikamwini anachizemba. Anapempha chitengwa, apongozi n'kuvomera akumwetulira. Munda wawo wa m'phiri ndimalima ndine, denga ndimafolera ndine, mbuzi zikasochera amaitana ine.

Khirisimasi ina Aloysius anabwera pa galimoto atanyamula wailesi. Apongozi anavina, nauza mudzi wonse kuti mkamwini wawo ndi injiniya. Pasanathe mwezi wailesi ija inangoti zii. Ndinapalasa njinga mpaka ku boma kukagula mabatire. Nditagwada kuti ndiwaike, apongozi anaifungatira.

"Ayi bambo, manja a khasu amenewo! Tidikire a injiniya."

Anabweradi Khirisimasi yotsatira, naika mabatire anga omwewo. Mudzi wonse unamuwombera m'manja.