Mitengo ya a Jeremiya ku Mwanza

A Jeremiya Nthala anandilola kulemba nkhaniyi, koma anapempha kuti ndisatchule mudzi umene zinachitikira kapena esiteti imene amagwirako. Pempholo ndalisunga. Ndipo pamene sindikukumbukira bwino ndanena choncho, poopa kuwaonjezera manyazi ndi zopeka zanga.

Ine ndine mphunzitsi. Ndinafika ku Mitundu chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo a Jeremiya ndinawapeza ali kale m'kwaya ya mpingo wathu, akuimba besi. Anali tenanti pa esiteti ina ya fodya, bambo wamtali, wa zala zodetsedwa ndi utomoni wa fodya, wokhala yekha m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa mzere wa matenanti anzake. Sankamwa mowa, sankakangana ndi munthu. Vuto lawo linali limodzi: ukangotchula chipatso chilichonse, nkhani inkathera ku Mwanza.

Kumeneko ndiye kwawo. Amati ali mnyamata anaphunzira kwa mlangizi wina kumezanitsa mitengo, kutenga kanthambi ka nachesi n'kukalumikiza pa tsinde la mandimu. Atakwatira mayi Elube anabzala mitengo yambiri pa chitunda, mpaka anthu odutsa ankaima n'kumayang'ana. Zoti mayiwo anamwalira tinkadziwa. Zina zonse sananene, ndipo ife sitinafunse.

Manachesi a mumsika wa Mitundu sankawadya. Ankatola limodzi, kulinunkhiza, n'kulibwezera pa mulu.

"Awa ndi a ana," ankatero. "A m'mitengo yanga khungu limachoka lokha ukangoliloza."

Motero anthu anawapatsa dzina lakuti a Nachesi.

Sindikutsimikiza ngati chinali chaka cha 1995 kapena chotsatira, koma inali nyengo ya chisanu. Masiku amenewo anthu anali ndi njala yoyenda, poti munthu unkakwera basi popanda wokufunsa khadi la chipani, ndipo maminibasi anali atachuluka. Kwaya yathu inagwirizana zokhala ndi ulendo wongokaona malo. Ena anati tipite ku Dedza, koma a Bester, tenanti mnzawo wa a Jeremiya amene ankaimba tena, anaimirira.

"Tivutikiranji, abale? Tili ndi mwini munda pano. Tipite ku Mwanza, tikaone ngati khungu limachokadi lokha."

Onse anaseka n'kuomba m'manja. A Jeremiya okha ndiwo sanaseke. Anati fodya sanathe kusankha. Sabata yotsatira anati msana. Kenako anati alibe chovala choyenera, ndipo a Bester anawabweretsera jekete la mng'ono wawo.

"Valani, a Nachesi. Bwana safika pa munda wake ngati waganyu."

Tinanyamuka m'mawa. Pa Nathenje tinaima kutenga mayi Tiyamike, namwino amene ankaimba nafe asanasamutsidwe. Analowa ndi thumba la feteleza lochapidwa bwino, lopanda kanthu.

"Ili ndi langa ndekha," anatero. "Ena mudzipezere."

Minibasi yonse inaseka. Ndinali nditakhala pafupi ndi a Jeremiya ndipo ndinaona kuti anakokera chipewa kumaso. Kuchokera pa Nathenje mpaka pa Zalewa, pamene msewu umapatukira ku Mwanza, sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi.

Mwanza ndi tauni yaing'ono ya pamalire, ya zitunda ndi timitsinje. M'mbali mwa msewu manachesi anali milu milu, ena m'madengu, ena m'mabeseni, ndipo fungo lake linkalowa pa zenera. Tinazungulira pa boma, tinaona nyumba zakale za malata ofiira, tinaona magalimoto akuluakulu atandanda kudikira kulowa ku Mozambique. Wina anatilozera malo amene othawa nkhondo ankafikira. Tinajambulitsa chithunzi. Mayi ogulitsa atabwera ndi beseni, a Bester anawabweza ndi dzanja.

"Pepani mayi, ife tili ndi athu."

Tinawakakamiza a Jeremiya kulondolera dalaivala. Tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi, ndipo titakwera chitunda china anati, ndi mawu otsika, "Imani apa. Ndi iyo. Tiionere pomwe pano, kenako tibwerere."

Mitengoyo inalipodi. Ndiyenera kunena zimenezi momveka, chifukwa ena pambuyo pake ankati a Jeremiya ananama chilichonse. Inali mitengo ikuluikulu, nthambi zitawerama ndi zipatso. Koma munthu wayenda ulendo wonsewo angaonere pa zenera? Chitseko chinatseguka, kwaya yonse inalowa m'munda. Kwathu munthu suthyola za eni usanaodire pakhomo, tonse timadziwa. Koma tinkati mwini tabwera naye. Palibe anaona kuti mwiniyo watsala pa mpando wake.

Thumba la mayi Tiyamike linali litafika pakati pamene mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, anatulukira kuseri kwa nkhokwe.

"Kodi anthu inu, ndi ndani wakulolani?"

"Musade nkhawa, achemwali," anatero a Bester, kukamwa kuli kodzaza. "Tabwera ndi eni mitengo. Ali m'minibasimo, akupumula."

"Eni mitengo ndine."

Tinangoima, manachesi ali m'manja. Mayiyo anapita pa minibasi n'kusuzumira pa zenera. Anayang'ana bambo wa jekete uja, sanamudziwe, ndipo anatembenuka n'kuitana, "Amalume, tabwerani mudzaone."

Kunabwera nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo, imene pambuyo pake tinamva kuti ndi a Petro, mlongo wake wa malemu mayi Elube. Iwo sanachedwe pa zenerapo.

"Alamu," anatero. "Vulani chipewa. Uyu ndi Zipora."

Zimene zinali kuseri kwa mawu amenewa tinazimva pang'onopang'ono, zina tsiku lomwelo, zina kwa a Jeremiya eni ake patapita nthawi. Iwo anali mkamwini pamudzipo. Nthaka inali ya akuchikazi, ndipo mitengo imene mkamwini wabzala pa nthaka yotere ndi ya mkazi ndi ana ake. Mayi Elube atamwalira, mwana wawo Zipora ali kamwana kongoyamba kulankhula, a Jeremiya anaopa tsiku limene adzauzidwe kuti ukwati watha, anyamule khasu lawo azipita. M'malo modikira, anachoka okha maliro atangoikidwa, mwambo wometa usanachitike, uja wakuti ofedwa amameta tsitsi pamodzi potsiriza kulira. Anakwera lole imene inkatenga matenanti, ananena kuti abwera fodya akagulitsidwa. Fodya anagulitsidwa chaka chimenecho ndi zaka zonse zotsatira.

"Sitinakuthamangitseni," a Petro anatero, osakweza mawu. "Tinakudikirani ndi lumo mpaka akuluakulu anatopa. Lero mwabwera ndi alendo kudzaona malo. Chabwino. Nanga manda a akazi anu, nawonso muwaonera pa zenera?"

A Jeremiya anali atavula chipewa, akuchipinda pa maondo. Mayi Tiyamike anakhuthula thumba lawo mwakachetechete pansi pa mtengo. A Bester, amene sindinawaonepo akusowa chonena, anayesa.

"Pepani agogo, ife sitimadziwa. Tingopita."

Dalaivala nayenso anali ataliza injini, akuti sakufuna kuyenda mumdima. Apa ndi pamene Zipora analankhula. Sanayang'ane ife, anayang'ana pa zenera paja.

"Ngati muli mlendo, tolani manachesiwo mudye, muzipita ndi anzanu. Alendo sitiwamana. Ngati muli bambo anga, tsikani."

Ndimakumbukira kulira kwa injini ndi mwana wa kumsana uja akukoka mpango wa mayi ake. Kenako a Jeremiya anavula jekete, analipinda, analiika pa mpando. Anatsika atavala malaya awo a ku fodya, ong'ambika pa phewa, n'kukakhala pansi pa fumbi, monga amakhalira munthu wobwera kudzapepesa maliro.

"Bester," anatero osadzutsa mutu, "ukawauze akapitawo kuti fodya wanga ndidzamaliza."

Tinabwerera opanda iwo. Zipora anatumiza beseni la manachesi ku minibasi, ndipo kukana kukanakhala mwano wachiwiri, choncho tinalandira. Linafika pa Nathenje lili lodzaza. Mayi Tiyamike potsika anakana kutengako.

A Jeremiya anabwera ku Mitundu patapita masabata angapo, mutu uli wometa mpala. Amene anawameta ndi a Petro, pakhonde, atabwerako kumanda, iwo okha, poti ena onse anameta kalekale. Lamlungu anakhala kumbuyo kwa tchalitchi m'malo mokhala ndi kwaya, ndipo anatero kwa miyezi. Mumsika ankadutsa mbali ya tomato kuzemba milu ya manachesi. Dzina lija la a Nachesi linafa lokha. Ngakhale a Bester sanalitchulenso.

Masiku ano akadali tenanti. Fodya akatha amapita ku Mwanza, amakagona kwa a Petro, amadulira nthambi zouma ndi kumezanitsa mbande zatsopano, chifukwa mitengo yakale ija yayamba kutopa. Asanathyole chipatso amapempha.

Nditawawerengera zimene ndalembazi, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandipempha kukonza malo amodzi. Ndinali nditalemba kuti mwana wawo anawakhululukira.

"Zimenezo musalembe, aphunzitsi, sindikuzidziwa. Chakudya amandipatsa. Koma kuyambira tsiku lija sananenenso kuti bambo. Akafuna kundiitana amauza mwana wake, amati, 'Kawauze agogo ako madzi osamba atentha.'"

Ndinawafunsa ngati zimenezi zimawapweteka. Anayang'ana zala zawo.

"Kamwanako kakabwera kudzandiitana, ndimanyamuka msanga," anatero.